Islay kapena Skomer: Kokaonera Mbalame N'kuti?

Ngati mukufuna mbalame m'nyengo yozizira, pitani ku Islay, chilumba cha kumadzulo kwa Scotland. Atsekwe masauzande ambirimbiri ochokera ku Greenland amafika mu Okutobala n'kukhala mpaka Epulo. M'bandakucha ku Loch Gruinart, malo otetezera mbalame pachilumbachi, amanyamuka onse pamodzi, phokoso lawo logonthetsa m'khutu, inu zala zitauma ndi chisanu. Sitima yapamadzi yopita ku Islay kuchokera padoko la Kennacraig ku Scotland imayenda chaka chonse, ulendo wa pafupifupi maola 2.

Skomer, chilumba cha ku Wales, imafuna kuleza mtima. Mabwato opita kumeneko kuchokera pagombe la Martin's Haven amayamba mu Epulo, pamene mbalame za kunyanja zotchedwa puffin zikubwerera kumaenje awo, koma mphepo ya kumpoto ikakula ulendo umalephereka. Ine ndingasankhe Islay, chifukwa atsekwe aja simungawaphonye.