Miyezi 10 ndikulera iSeries 270 yakale

Tsiku lomwe ndinayamba ntchito pa holoselo ina ku Limbe, abwana anandilowetsa m'kachipinda kozizira n'kuloza chibokosi chakuda chili pakona. "Achimwene, mwana wanu ndi ameneyu," anatero. Inali seva (kompyuta yaikulu yotumikira ogwira ntchito onse) ya IBM iSeries 270, mtundu womwe unatuluka m'chaka cha 2000, wa m'banja la AS/400 lomwe linayamba mu 1988. Imayendera i5/OS V5R4, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo monga Windows pa makompyuta ena. Pano patha miyezi 10 ndikuisamalira, ndipo maganizo omwe ndinali nawo sabata yoyamba ndinawasiya kalekale.

Dandaulo linali limodzi. Mwezi ukamatha, makalaliki a pakauntala amati akadina Enter, pansi pa sikirini yobiriwira pamangolembedwa X SYSTEM, kusonyeza kuti makina akadali otanganidwa, iwo n'kupinda manja. Mzere wa makasitomala unkafika pakhomo. Mayi wina wamkulu wa ku akaunti ankabwera yekha kudzandigogodera: "Bambo a kompyuta, agogo anu aja agonanso." Inenso ndinkavomereza kuti ndi ukalamba basi, mpaka ndinalemba kalata yopempha seva yatsopano. Mwayi sindinaipereke.

Chinandidabwitsa ndi masamu. Ndikatsegula WRKACTJOB, lamulo loonetsa ntchito zomwe zikuyenda, purosesa imaoneka yodzaza, koma ndikaphatikiza ntchito zonse zomwe zili pamndandanda sizimafika n'komwe pa chiwerengerocho. Mphamvu ina imapita kuti? Yankho ndinalipeza pa WRKSYSACT, yomwe imaonetsanso ntchito za mkati mwa makina. Pamwamba penipeni panali dzina loti CFINT.

Apa mpofunika kufotokoza, chifukwa ambiri amene tinakulira pa Windows ndi Linux sitinakumanepo nazo. Makina a nthawi imeneyo ankagulitsidwa ndi miyezo iwiri ya mphamvu, yonse yowerengedwa mu CPW, muyezo wa IBM wa mphamvu ya makina. Woyamba ndi mphamvu yonse ya purosesa. Wachiwiri, wocheperapo, ndi gawo lomwe ntchito za pa sikirini yobiriwira ija, yotchedwa 5250, zimaloledwa kudya, malinga ndi khadi lomwe munalipira pogula. Anthu a pa sikirini akadutsa malirewo, CFINT imadzuka n'kuyamba kumeza nthawi ya purosesa, aliyense n'kumva kuwawa. Si matenda ayi, ndi momwe zinapangidwira. Zili ngati munalipira mipando itatu mu minibasi, kenako mukudabwa kuti kondakitala akukana kuti mukweze mudzi wonse.

Ndiye amene ankadya gawo lathulo ndani? Osati ogulitsa pakauntala. Invoisi imodzi ndi kantchito kochepa. Anali malipoti. Anthu atatu a ku akaunti ankathamangitsa RUNQRY, lamulo lotulutsira malipoti, pa sikirini zawo, kufufuza fayilo ya malonda ya zaka zambirimbiri, nthawi yomweyo imene kauntala yadzaza. Ndipo ndiulule, wachinayi ndinali ine, ndi makope a mafayilo omwe ndinkapanga masanasana.

Mankhwala ake sanadye ndalama. Malipoti onse tinayamba kuwatumiza ndi lamulo la SBMJOB kuti aziyenda mu QBATCH, malo a ntchito zoyenda zokha kumbuyo, komwe sawerengedwa ngati ntchito ya pa sikirini. Kumeneko amayenda pa priority 50 pomwe a pakauntala ali pa 20, kutanthauza kuti wogulitsa amayamba ndiye kutumikiridwa. Mzere wa QBATCH unkalola ntchito imodzi yokha pa nthawi, moti kalipoti kakang'ono kankadikira chilipoti cha ola lathunthu. Ndinaukweza kufika pa 2 kudzera pa lamulo la CHGJOBQE. Omwe amakonda Excel ndinawalumikiza pa ODBC, njira yokokera deta ya pa seva mu Excel, chifukwa ntchito zake, zotchedwa QZDASOINIT, nazonso sizikhudza gawo la 5250. Chovuta chinali kuwazoloweza anthu kuti lipoti salidikirira pamaso, amakalipeza mu spool, momwe malipoti otha amadikirira kusindikizidwa. Mayi a ku akaunti aja anandikwiyira masabata awiri. Pano ndi omwe amaphunzitsa atsopano.

Za memory sindichulukitsa. Ndinayesa kugawa ma pool (zigawo za memory) pamanja, kuyang'ana ma fault (nthawi zomwe deta sinapezeke mu memory) pa sikirini ya WRKSYSSTS m'mawa ndi madzulo, ndipo ndinangoipitsa zinthu. Ndinabwezera QPFRADJ, setingi yoyang'anira kagawidwe ka memory, pa 2, makina azidzigawira okha. Index Advisor ya mu V5R4, chida cholangiza ma index (mindandanda yofulumizitsa kufufuza mu fayilo) oyenera kupanga, ndiyo inandithandiza zenizeni: ma index awiri pa fayilo ya malonda, lipoti la ola lathunthu lija linafupika moonekeratu.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri zinthu zinayambanso kukwawa, CFINT ili phee. Ulendo uno linali batire la cache, kamemory kofulumira ka pa khadi la ma disiki. Likatha, makina amasiya kusunga zolemba mu cache ndipo chilichonse chimadikira disiki. Kupeza batire lina kunatenga masabata, kudzera kwa wogulitsa zida zakale ku Johannesburg. Vuto lina ndi la magetsi: akathima, UPS (batire losungira magetsi) n'kutha tisanazimitse bwino, IPL yotsatira, kutanthauza kuyatsanso makina, imatenga nthawi yaitali, moti ndimakhala pampando ndi tiyi wozizira ndikuwerenga manambala pa kagalasi ka kutsogolo.

Kodi ndingalangize wina kugula 270 lero? Ayi. V5R4 inasiya kuthandizidwa mu 2013 ndipo makinawa sangakwere kupitirira pamenepo. Tikukonzekera kusamukira ku seva yatsopano ya IBM Power chaka chamawa. Koma kalata yomwe ndapereka kwa abwana tsopano ikunena za zida zosowa ndi chitetezo, ndipo seva yomwe ndapempha ndi yaing'ono kuposa ija ndinalemba sabata yoyamba.