Nkhani za pafoni, buku lalitali, kapena nthano za agogo: kwa ana a Giredi 5 mpaka 7

Loweruka m'mawa timakumana ndi ana m'holo ya tchalitchi chathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, kuti tiwerenge limodzi. Ambiri ndi adzukulu ndi zidzukulutudzi za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ena nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Kusukulu amaphunzira m'Chingerezi ndi Chishona. Chichewa amachimva kwa agogo, kutchalitchi ndi pamaliro. Malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komabe buku la nkhani za ana la m'Chichewa simungalipeze msanga m'mashopu a mu Harare. Aphunzitsi anzanga a ku Mbare ndi Highfield akhala akundifunsa njira imene ikundithandiza, ndiye ndinene zimene ndaona pa njira zitatu zimene ndayesa.

Nkhani za pafoni ndi zimene ambiri timayambira, chifukwa sizilira ndalama yogula buku. African Storybook, imene inayambitsidwa ndi bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi nkhani za zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe. Mukhoza kuzikopera pafoni, kuzisindikiza papepala, ngakhale kuzimasulira nokha, pakuti chilolezo chake ndi cha Creative Commons. StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India imagwira ntchito mofananamo. Mwana wa Giredi 5 amene Chichewa cholembedwa sanachionepo amapindula kwambiri apa. Amafika akuwerenga "phiri" ngati "firi" chifukwa cha Chingerezi, ndipo "l" amamusandutsa "r" monga m'Chishona. Nkhani yaifupi yokhala ndi chithunzi imakonza zimenezi pa milungu yochepa, chifukwa mawu omwewo amabwera kawirikawiri ndipo mwana sachita manyazi akalakwa.

Koma nkhani zambiri za mtundu umenewu zinalembedwera ana ongoyamba kumene kuwerenga. Mtsikana wa zaka 12 amamaliza nkhani yonse ife tisanamalize kukonza mabenchi, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, basi yatha?" Pamenepo ndi pamene buku lalitali limaposa. Mwana wa Giredi 6 zilembo amazidziwa kale. Chimene amasowa ndi mphamvu yosunga nkhani m'mutu: kukumbukira kuti munthu amene ananama m'mutu wachiwiri ndi yemweyo akulira m'mutu wachisanu, ndi kulota chimene chichitike kutsogolo. Mayeso a Giredi 7 a ZIMSEC, bungwe loona za mayeso m'dziko lino, amafunsa mafunso pa ndime imene mwana wawerenga, ndipo ambiri a ife timawapatsa ndime zodukaduka chaka chonse powakonzekeretsa. Ine ndaona kuti mwana amene watsatira buku limodzi kwa mwezi wathunthu, mutu umodzi pa sabata, amayankha bwino funso lakuti "chifukwa chiyani" kusiyana ndi amene wadya ndime makumi zosalumikizana. Ndimawerenga mokweza ndime zoyamba, iwo amalandira mosinthana, ndipo ndimaleka dala pamene nkhani yafika pokoma. Sabata yotsatira safuna kuitanidwa.

Vuto lake n'lakuti mabuku aatali amene ndingabwereke, monga ku Harare City Library, ndi a Chingerezi ndi Chishona. A Chichewa amadalira wachibale wobwera pa basi kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, ndipo amabwera ndi buku limodzi loti tigawane tonse. Choncho buku lalitali limakulitsa luso lowerenga, koma Chichewa cha anawa limachisiya pamene chinali.

Nthano za agogo ndinaziyesa mochedwa, ndipo ndi zimene ndimazikonda koposa. Tinapempha agogo aakazi awiri a mumpingo kuti abwere. Atangoti "Padangotero," holo inangoti zii, chifukwa palibe mwana ankadziwa kuyankha kuti "Tili tonse." Anawaphunzitsa pomwepo. Nthano ya Kalulu ndi Fisi itatha, ana anakhala m'magulu a anayi kuilemba m'makope awo, ndipo apa ndi pamene ntchito yeniyeni inagona. Anakangana ngati "ng'ombe" amafuna kachizindikiro kaja pakati, ngati nyimbo ya m'nthano ilembedwe kawiri monga anaimbira agogo, ndi malo oika mpumiro pamene agogo anapuma. Gulu lina linalemba mawu a Chishona akuti "tsuro" m'malo mwa "kalulu", ndipo agogo anawakonza mwachikondi: "Ana anga, ameneyo ndi wa kuno, wathu dzina lake ndi Kalulu." Sabata yotsatira gulu lililonse linawerenga zimene linzawo linalemba. Kuwerenga ndi kulemba zinayendera limodzi, ndipo mwana amene amakhala chete pa Chingerezi ndiye anatsogolera gulu lake, chifukwa amagona nyumba imodzi ndi agogo ake.

Njira imeneyi ndi yolemetsa kwa mphunzitsi. Muyenera kukonza kalembedwe nokha usiku, ndipo ngati inuyo munabadwira kuno ngati ine, mudzafuna munthu amene anaphunzira Chichewa kusukulu ku Malawi kuti akuonereni. Nthano imodzi imatenga Maloweruka atatu.

Ndikanakhala ndi ola limodzi lokha pa sabata, nkhani za pafoni ndikanazigwiritsa ntchito mwezi woyamba wokha, kenaka n'kumasinthanitsa buku lalitali ndi nthano zolemba okha. Panopa tili ndi nthano zisanu ndi ziwiri zolembedwa pamanja, zosokedwa ndi ulusi pachikuto cha katoni, ndipo agogo ena a ku Mabvuku atumiza uthenga kuti ali ndi ya Kamba imene akufuna ilembedwe chaka chino chisanathe.