Kusalaza ma rate a imfa ndi kubereka: Heligman-Pollard ndinasiyana naye

Anzanga angapo akhala akundifunsa funso lomwelomweli, kuti girafu ya imfa potengera zaka ikatuluka ngati mano a sowo munthu usalaze ndi chani, ndiye ndati ndiyankhe kamodzi basi.

Moving average, kutenga avareji ya zaka zoyandikana, aliyense amayambira pomwepo poti mu Excel ndi mphindi ziwiri zokha. Koma ya Spencer ya mapointi 15 ija imakudyera zaka 7 koyambirira ndi 7 kumapeto, ndiye makanda apita, nkhalamba zapita, watsala ndi pakati pomwe panalibe vuto kwenikweni. Model ya Gompertz wa 1825 ndimamupatsa ulemu, kuyambira zaka 30 mpaka cha m'ma 80 amagwira bwino poti imfa imawirikiza kawiri pafupifupi zaka 8 zilizonse, koma za ana sazidziwa ngakhale Makeham anamuwonjezera kachidutswa mu 1860.

Tsono Heligman-Pollard. Papepala ndi wokongola heavy, anatuluka mu 1980 ndi ma parameter 8, manambala omwe amaumba mzerewo, otchedwa A mpaka H. Atatu oyamba ndi a imfa za ana, D E ndi F ndi a linunda lija la achinyamata omwe amafa ndi ngozi cha m'ma 20, awiri omaliza ndi a ukalamba. Ine ndinakopeka poti chilembo chilichonse chili ndi tanthauzo loti ukhoza kufotokozera munthu.

Deta yanga inali ya amayi, anthu ochepa, zaka zina imfa ziwiri zina zero. Ndinayika mu pulogalamu ya R, nls yomwe imasaka ma parameter nkundibwezera error ya singular gradient, kutanthauza kuti yalephera kuwapeza. Ndasintha ma starting values, chimodzimodzi. Loweruka lonse linathera pamenepo, ndipo itavomera usiku ndinasangalala kwambiri moti sindinayang'anenso zilembozo, mzere unali wosalala bwinobwino, ndinapanga life table, tebulo loonetsa zaka zomwe anthu akuyembekezeka kukhala ndi moyo, nkutumiza. Pa miting mnzanga wina anangoloza F, yomwe imaonetsa zaka zomwe linundalo lili, nkufunsa mwaulemu kuti kodi linunda la achinyamata likutani pa zaka za m'ma 50? Ayi ndithu ndinasowa poyang'ana. Chinachitika nchakuti kwa amayi linundalo limakhala laling'ono, nthawi zina kulibiretu, ndiye model ikalisowa imakalisaka kwina nkuyamba kulanda ntchito ya G ndi H. Ma parameter akewo amakokanakokana, ukagwedeza imodzi ina itatu yasuntha, ndipo mayankho awiri osiyana amatha kukupatsa mzere wooneka ngati umodzi. Izi mabuku ambiri amangozitchula modutsa. Amene ali ndi deta ya dziko lonse, amuna, imfa zikwizikwi, mwina zimawayendera, ine sindibwererakonso.

Pano ndili pa P-splines za Eilers ndi Marx za 1996, zomwe kunena zoona ndi mdzukulu wa Whittaker-Henderson wa 1923 ndi 1924. Umayala ma B-spline, timizere tokhota tifupitifupi, ambirimbiri kenaka nkuwalanga akamakhotakhota, ndipo chotembenuza ndi chimodzi chokha, lambda, yomwe ndi kukula kwa chilangocho. Chomwe ndimazikondera, umagwira ndi chiwerengero cha imfa chenichenicho ngati Poisson, model ya zinthu zochita kuwerenga, ndiye chaka chokhala ndi zero sichikuphwanyira log, komanso zaka za anthu ochepa sizikhala ndi mawu ofanana ndi za anthu ambiri. Pa miyeso iwiri yosankhira model, lambda ndimasankha ndi BIC, inzake ya AIC imasiya mabampu. Zofooka zilipo, sindibisa. Chaka 0, cha makanda, uchichotse kaye poti imfa imatsika mwaphompho kuchoka 0 kufika 1 ndipo spline imasokonezeka, kumapeto uko kwa nkhalamba umusiyire Kannisto, model ya imfa za okalamba kwambiri, ngati momwe amachitira a Human Mortality Database. Zilembo zofotokozera abwana palibenso, koma bola zimenezo.

Za kubereka sindichedwapo. Hadwiger wa 1940, model ya kubereka potengera zaka, ali ndi ma parameter atatu, amakwana ngati phiri ndi limodzi pakati pa 15 ndi 49, koma deta ngati ya UK kapena Ireland ya m'ma 1990 yomwe inali ndi kalinunda kena ka atsikana obereka msanga imamugonjetsa. Ikakhala ya kalembera komwe anthu amabereka kwambiri ndipo amayi achikulire amaiwala kutchula ana ena, relational Gompertz ya Brass ndi standard ya Booth ya 1984, chitsanzo cha kaberekedwe chofananizira, ndiye yake, poti imakonza komanso kusalaza nthawi imodzi. Mukamaliza phatikizani ma rate muone ngati TFR, avareji ya ana omwe mayi angabereke moyo wake wonse, sinasunthe popanda chifukwa.

O, ndikanaiwala, anthu amakonda kunena zaka zothera ndi 0 kapena 5, wa 38 amangoti 40. Ngati mano a sowo anuwo akubwera zaka zisanu zilizonse werengani kaye Whipple index, yomwe imayeza vuto limeneli, musanakhudze lambda.