Ulendo wa ku Antarctica: mlangizi anatisankhira bwino sitima, koma za Mmalawi sankazidziwa

Ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndaichotsa chifukwa cha mavuto amene amagwera ife a pasipoti ya Malawi, ndipo ndiwafotokoza cha kumapetoku.

Ndine mphunzitsi wa jogalafe wopuma pa ntchito, ndimakhala kuno ku Dedza. Ulendowu sindinalipire ndine. Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku UK, ndiye anati popeza ndakalambira pa bolodi ndikujambula Antarctica ndi choko, ndipite ndikaione ndi maso pamodzi ndi mayi ake. Iye yemweyo ndiye anapeza kampani ya alangizi a maulendo a kumadera ozizira. Ndemangayi ndi ya ntchito ya alangiziwo komanso ya sitima imene anatisankhira.

Mayi amene anatipatsa kuti atithandize anatiimbira pa WhatsApp. Sanayambe ndi za ndalama, anayamba ndi kufunsa chimene tikufuna kukaona. Mayi a kunyumba anayankha msanga kuti akufuna zimbalangondo zoyera ndi ma penguin. Mlangizi anawafotokozera mwaulemu kuti ziwirizi sizikhala dera limodzi. Zimbalangondo zoyera zili kumpoto, ku Arctic, monga ku zilumba za Svalbard, ndipo sitima zimapitako makamaka pakati pa Juni ndi Ogasiti. Ma penguin ali kummwera, kumene nyengo ya alendo imayamba mu Novembala n'kutha mu Malichi. Tinasankha kummwera.

Apa ndi pamene ndinaona phindu la munthu wodziwa. Ife tinali titaona kale pa intaneti sitima zikuluzikulu, zokhala ndi malo osambirira ndi maholo ovinira, mtengo wake wotsikirapo ndithu. Mlangizi anatifunsa kuti, "Bambo, mukufuna kukaponda Antarctica kapena kukangoiona pa zenera?" Kenako anatiuza malamulo a IAATO, bungwe la makampani opititsa alendo kumeneko, limene linakhazikitsidwa mu 1991. Sitima yonyamula alendo oposa 500 siloledwa kutsitsa munthu ngakhale mmodzi kumtunda. Pa malo amodzi sipaloledwa alendo oposa 100 nthawi imodzi, ndipo alendo 20 alionse ayenera kukhala ndi wowatsogolera mmodzi. Ndiye werengerani nokha. Mukakwera sitima ya anthu 400, ndiye kuti magulu anayi akudikirana, ndipo nyengo ikasintha gulu lanu lisanatsike, tsikulo lapita. Yathu inali ya alendo ongopitirira pang'ono 100. Ena akakhala kumtunda, otsalawo amazungulira pa mabwato a mphira otchedwa Zodiac, kenako n'kusinthana. Nyengo ikakhala bwino tinkatuluka m'mawa ndi masana. Kabuku kotsatsa malonda sikanena zimenezi, kamangoonetsa mbale za chakudya ndi bedi loyalidwa bwino.

Anatithandizanso pa mwezi. Mu Novembala chipale chofewa chimakhala chikadali choyera, mbalame zikumanga zisa. Kumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale ndi pamene anapiye a ma penguin amakhala ataswa. Anamgumi amachuluka mu Febuluwale ndi Malichi. Ife tinapita mu Januwale chifukwa cha anapiyewo, komabe anamgumi a mtundu wa humpback tinawaona, mmodzi anatulukira pafupi ndi bwato lathu mpaka tinamva fungo la mpweya wake.

Sitima zambiri zimanyamukira ku Ushuaia, kumapeto kwenikweni kwa Argentina, n'kudutsa Beagle Channel, kenako n'kulowa pa Drake Passage. Awa ndi madzi a makilomita oposa 800, ndipo kuwoloka kumatenga pafupifupi masiku awiri. Palibe mtunda wotchinga mphepo imene imazungulira Antarctica, n'chifukwa chake mafunde ake ndi otchuka. Mlangizi anatiuza kuti ilipo njira ina, yokwera ndege ku Punta Arenas m'dziko la Chile n'kukatera pa King George Island, chilumba cha kufupi ndi Antarctica, patatha maola ngati awiri, koma ndi yokwera mtengo, ndiponso ndegeyo imadikira nyengo. Titasankha za pamadzi, anaumirira kuti titenge chipinda cha m'munsi, chapakati pa sitima, osati cha pamwamba chokhala ndi khonde chimene mwana wathu ankafuna kutigulira. Anati pamwamba ndi kutsogolo ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. Ananena zoona. Ngakhale zinali choncho, mayi a kunyumba anagona ndi mseru tsiku lonse loyamba mpaka dokotala wa m'sitima anawapatsa mapiritsi. Koma anzathu a zipinda za pamwamba ena sitinawaone ku chakudya kufikira titawoloka. Wogulitsa amene amakuletsa kugula chodula ndimamulemekeza.

Chimene ndingachiyamikire koposa ndi akatswiri amene tinali nawo m'sitima. Panali wa mbalame, wa madzi oundana, wa miyala ndi wa mbiri yakale, ndipo onsewa ndi omwe ankayendetsa mabwato aja. Wa mbalame anandiphunzitsa kusiyanitsa mitundu ya ma penguin: gentoo, wa mlomo wofiirira ndi banga loyera pamutu, ndi chinstrap, wa kamzere kakuda kunsi kwa chibwano, ndi Adélie, wa mkombero woyera m'maso. Anatiuziratu kuti emperor, wamkulu uja wa pa TV, tisamuyembekezere chifukwa amakhala kutali ndi njira ya sitima zambiri. Anatifotokozeranso chifukwa chake chipale cha pa malo awo chimaoneka chofiirira: ndi zitosi, popeza amadya krill, tinkhanu ting'onoting'ono ta m'nyanja timenenso anamgumi amadalira. Fungo lake musafunse, limakufikani bwato lisanakocheze.

Wa madzi oundana ndiye anandigwira mtima monga mphunzitsi. Ndakhala ndikuuza ana kuti chimulu cha madzi oundana choyandama chimabisa pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi pansi pa madzi. Iye anaimitsa bwato patali n'kutiuza kuti tiyang'ane pansi, tinaona chinthucho chikupitirira mpaka maso kulephera. Anafotokozanso kuti mtundu wa buluu umene timaona ndi wa madzi oundana akalekale, amene anapanikizika mpaka timpweya ta m'kati tinafinyika. Ku Deception Island sitima inalowa pa kampata kotchedwa Neptune's Bellows, n'kukaima m'kati mwa phiri lophulika limene pakati pake panadzaza nyanja. Pa Whalers Bay pakadali matanki a dzimbiri a anthu amene ankapha anamgumi kuti apeze mafuta, ndi nyumba zimene zinaonongeka phirilo litaphulika mu 1969. Usiku wa tsiku limenelo wa mbiri yakale anatisimbira za Ernest Shackleton, amene sitima yake Endurance inaphwanyidwa ndi madzi oundana n'kumira mu 1915 pa Weddell Sea, koma anthu ake onse a m'sitimayo anapulumuka. Sitimayo inapezeka pansi pa nyanja mu 2022.

Dziwani kuti ndondomeko ya ulendo si lonjezo. Ife tinalephera kudutsa pa mpata wa panyanja wotchedwa Lemaire Channel chifukwa panatsekeka ndi madzi oundana, ndipo ena anakwiya kwambiri. Ife mlangizi anali atatichenjeza kale kuti kaputeni ndi mtsogoleri wa ulendo amasintha mapulani malinga ndi mphepo, ndiye sitinadandaule. M'malo mwake tinakatsika pa Neko Harbour, pamene ndi pa kontinenti penipeni, osati pa chilumba.

Malamulo a kumtunda ndi okhwima, ndipo ine ndinawakonda. Tisanatsike koyamba tinapopa zovala zathu ndi makina okoka fumbi, m'matumba ndi m'mipendero momwe, kuti tisatengere mbewu za udzu kumeneko. Jombo zimaviikidwa m'mankhwala potsika ndi pobwera. Nyama uyenera kuitalikira mamita osachepera 5. Chifukwa cha chimfine cha mbalame chimene chinafika m'derali kuyambira 2023, sitinkaloledwa kukhala pansi, kugwada kapena kutula chikwama. Sutola mwala, sudyerako, ndipo kulibe chimbudzi, ukafuna kudzithandiza amakubweza ku sitima. Achikulire anzanga, muchepetse tiyi wa m'mawa. Maziko a malamulowa ndi pangano la mayiko la Antarctic Treaty la 1959 ndi pangano loteteza chilengedwe la 1991, koma ena ndi malangizo a IAATO.

Za kuzizira anthu ku tchalitchi andifunsa kwambiri. Nthawi ya chilimwe cha kumeneko, dera limene alendo amafika limazizira cha m'ma digiri 0. Munthu amene anadzukirapo m'bandakucha wa Julayi ku Bembeke sangadabwe kwenikweni, kupatula mphepo ya pa bwato imene imalowa mpaka m'mafupa. Jekete lalikulu ndi jombo anatipatsa a sitima. Majuzi, masokosi ndi zipewa tinagula pa kaunjika pa msika wa Dedza pompano, ndipo zinagwira ntchito. Chofunika kugula chenicheni ndi buluku losalowa madzi, magolovesi awiri osinthira, magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza khungu, chifukwa dzuwa likawomba pa chipale limawotcha ngakhale ife akhungu lakuda. Chakudya chinali chambiri ndi chabwino, kungoti nsima kunalibe.

Tsopano za nyenyezi imene ndachotsa ija. Mlangizi wathu amadziwa sitima iliyonse, koma zikuoneka kuti anazolowera makasitomala a ku Ulaya ndi America. Sanatifunse n'komwe za viza, chonsecho pasipoti yathu imafuna viza ya Argentina, ndipo mwana wathu ndiye anathamanga nazo nthawi itatha kale. Za ndege anangoti tikafike ku Ushuaia kutatsala tsiku limodzi. Kuchokera ku Lilongwe, kudzera ku Addis Ababa ndi São Paulo mpaka Buenos Aires, ndi ulendo wotopetsa munthu wachikulire, ndipo ndege imodzi ikachedwa sitima sidikira. Sanatiuzenso kuti Buenos Aires ili ndi mabwalo a ndege awiri, Ezeiza ndi Aeroparque, ndipo ifeyo tinatera pa lina n'kukanyamukira pa linalo. Dzipatseni masiku awiri kapena atatu osungira.

Ndalama nazonso. Zonse ndi za madola, ndipo kupitirira madola 10,000 pa munthu mmodzi si zachilendo, ndege osawerengera. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki mwathu muno, wolipira ali ku Malawi ayambe msanga kukambirana ndi banki yake. Pamwamba pa apo pali inshuwalansi yokhoza kukutulutsani pa ndege mukadwala, imene a sitima amaifuna ndipo imakwera mtengo malinga ndi zaka zanu, fomu ya za umoyo, ndi kangachepe kothokoza ogwira ntchito m'sitima pa tsiku lotsiriza. Za kangachepeka tinazimva tili kale pa nyanja. Kampaniyi ndingaitumizire munthu, koma ndingamuuze kuti pa foni yoyamba anene kuti ali ndi pasipoti ya Malawi, ndipo apemphe kuti amulembere zonse zimene sizili mu mtengo asanalipire dipoziti.