Fujifilm X-E2 yakaunjika: kamera ndi yabwino, koma wogulitsa anandichititsa manyazi pa chinkhoswe

Ndikanalemba ndemangayi mwezi woyamba, bwenzi ndikukuuzani kuti kamera imeneyi musayiyandikire n'komwe. Mtima unali ukuwawa kwambiri. Papita miyezi 6 tsopano ndipo mtimawo watsikako, koma zimene anandichita bambo amene anandigulitsa uja sindinaziiwale.

Ndimakhala pa Mchinji Boma. Ntchito yanga ndi yauphunzitsi, koma kubanja ndi kumpingo kukakhala chochitika, wojambula amakhala ine. Foni inali itandikwana, makamaka dzuwa likalowa. Nditagulitsa mtedza ndinatsala ndi njira ziwiri: kugula Canon IXUS 185, kaja kolowa m'thumba la malaya, kapena X-E2 yogwiritsidwapo kale ntchito yokhala ndi lenzi yake ya 18-55. Mitengo mukuidziwa inu amene mumayendera magulu ogulitsirana zinthu pa Facebook. Kwa ine kusiyana kwake kunali matumba atatu a mtedza, ndipo ndinawapereka ndi mtima umodzi.

Anzanga ankandifunsa kuti ndikusiyiranji kamera ya ma megapixel 20 n'kukatenga ya 16, komanso yotuluka kale mu 2013. Yankho lili pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi. Ya X-E2 ndi 23.6 mm mulitali ndi 15.6 mm mulifupi, pamene ya kakang'ono kaja ndi pafupifupi 6 mm ndi 4.5 mm basi. Ikuposa kokwana ka 13. Ndi chimodzimodzi kutchera madzi a mvula ndi beseni kapena ndi kapu: kuwala kukachepa, beseni ndiye limapezako kanthu. Pamenepo sindinalakwitse. Ndinalakwitsa pa munthu.

Ndinakwera minibasi m'mamawa kupita ku Lilongwe, n'kukamupeza m'kashopu kake m'tauni. Munthu wa pakamwa pokoma. "Achimwene, mwabwera pa nthawi yake, iyi akuifuna anthu atatu. Ndikuikiraninso mabatire awiri, onse orijino, ndi chaja chake." Ndinapempha kuti ndijambuleko kanthawi ndione mmene batire ikutsikira. Anati magetsi kulibe chiyambire m'mawa, mabatirewo ali ndi moto wochepa, ndikatchaje kunyumba. Ndinajambula zithunzi zisanu za pakhomo, zinatuluka bwino, ndinalipira. Lisiti analemba pa kapepala kong'amba m'kope.

Patatha milungu itatu kunali chinkhoswe cha mlongo wanga, mzime wa m'banja mwathu, kumudzi kufupi ndi pa Kamwendo. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha koti ngakhale agalu sachoka pansi pa nkhokwe. Pa zokonzekera wina anatchula zolemba wojambula, amalume n'kukana pamaso pa onse. "Ndalama imeneyo gulani nkhuni. Mphwangayu wagula makina ake." Ndinasangalala kumva mawu amenewo kuchokera kwa iwo.

Usiku wake ndinatchaja mabatire onse awiri mpaka nyali ya chaja inazima. M'mawa ndinayamba ndi amayi ophika, miphika ya nsima, migolo ya thobwa, ana akuthamangitsana kuseri kwa tenti. Zithunzi zisanakwane 80, batire yoyamba inatha. Batire ya NP-W126 yeniyeni pa kamera imeneyi imayenera kufika cha m'ma 350. Ndinadabwa, koma ndinati palibe kanthu, ina ilipo. Poyiika ndinamva kuti ikulowa mothina, ndinachita kukankha ndi chala.

Mwambo unayamba dzuwa lili paliwombo. Anatulutsa atsikana atatu ophimbidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi kuti mlamu wathu asankhe wake, anthu akuseka, akuchimuna akuponya ndalama kuti chitenje chivundukulidwe. Woyamba ndinamujambula, wachiwiri ndinamujambula. Atafika pa mlongo wanga, nthungululu zitangoyamba, kachizindikiro kofiira kanaphethira ndipo kamera inazima. Batire imeneyo inali isanagwire ntchito ngakhale mphindi 20.

Ndinatsegula kachitseko ka pansi kuti ndiichotse. Siinatuluke. Inali itatupa ndi kutentha, itakanirira m'kati. Ndinayesa ndi chikhadabo, ndinayesa ndi nsonga ya kiyi, manja akunjenjemera, thukuta likulowa m'maso. Nthawi imeneyo ankhoswe anali ataimirira kale kuti apatsane nkhuku, akuchimuna atanyamula tambala, amalume atanyamula msoti. Amalume anatembenuka n'kundiyang'ana, nkhuku ili m'manja, akudikira. Anthu a mbali zonse ziwiri anatembenukanso. "Tijambuletu, mphwanga," anatero motsitsa mawu. Ine nditagwada pafumbi, kamera ya matumba a mtedza ili chadodolido m'manja ngati chikuni. Chiyambire sindinamvepo manyazi otero. Mlongo wanga anangoweramitsa mutu, ndipo ndinadziwa kuti akundimvera chisoni pa tsiku loti asamaganize za ine.

Amene anandipulumutsa ndi msuweni wanga wa Folomu 3. Anadutsa pakati pa anthu n'kundigwira paphewa. "Achimwene, tengani aka." Kanali ka IXUS 185, mtundu womwe uja ndinausiya pogula, kamene bambo ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndinakayatsa, ndinaloza, ndinadina. Kupatsana nkhuku, kupereka nkhwangwa ndi khasu, dengu, mthiko ndi tsache, kuvekana mphete, perekaniperekani yense, zonsezo zili m'kakamera kameneko. Ndipo ndinene zoona: padzuwa zithunzi zake ndi zabwino. Nkhope zikuoneka, mitundu ya zitenje ili yowala. Thambo linayera mbuu ndipo madiresi oyera anataya mizere yake, koma palibe wachibale amene anadandaula. Chovuta chinali kuona pa sikirini dzuwa likuwomba, moti zina ndinkangojambula mwachikhulupiriro.

Batire yotupa ija tinaichotsa pomata selotepi n'kukoka pang'onopang'ono. Yoyamba ija ndinatuma mwana pa njinga kukaitchajitsa pa shopu yotchaja mafoni, inabwera dzuwa litapendeka.

Apa ndiye mtima wanga unayamba kubwerera. Alendo atabalalika, mdima utagwa, agogo anga anakhala pamkeka pakhonde, moto wotsala pa mafuwa ukuwaunikira mbali imodzi. Anali atatopa, akuyang'ana mdzukulu wawo akuvula nsapato. Ndinaika ISO, muyeso wa mmene sensa imamvera kuwala, pa 3200, lenzi pa 18 mm n'kuitsegula mpaka f/2.8 (nambala ya f ikachepa, kuwala kumalowa kochuluka), fulashi osayatsa. Lenzi imeneyi ili ndi chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke, ndiye ndinangotsamira chipupa n'kudina kawiri. Nditayang'ana, ndinakhala chete. Mphini za pamasaya zonse zikuwerengeka. Makwinya, mikanda ya m'khosi, kuwala kwa moto m'diso limodzi, ndipo kumbuyo kwangosungunuka bwinobwino. Khungu linatuluka mtundu wake weniweni, osati lotuwa kapena lofiirira ngati mmene foni imachitira. Msuweni wanga anajambulanso pomwepo ndi kake. Popanda fulashi chinatuluka chamchengamchenga ndi chogwedezeka. Ndi fulashi agogo anayera ngati apakidwa ufa, kumbuyo kuli bii. Kakamerako sikolakwa ayi, lenzi yake imayambira pa f/3.2 ndipo ukakoka zoom imatsekeka mpaka f/6.9, sensa n'kukhalanso yaing'ono. Sikanapangidwire usiku wa kumudzi.

Lolemba ndinamuimbira bambo uja. Poyamba anati mwina ndinasiya mabatire padzuwa. Kenako anati mwina magetsi a kwathu ndi amene anawaotcha. Nditamuuza za chinkhoswe, anayankha kuti, "Achimwene, katundu akatuluka m'shopu sabwerera." Mawu oti pepani sanatuluke ngakhale kamodzi. Mawa lake foni yanga anasiya kuyankha, pa WhatsApp n'kunditsekera.

Loweruka ndinalipiranso minibasi makilomita oposa 100 kupita konko. Iye akuti anali atachoka. Ndinapeza mtsikana wogulitsa, amene anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto. Anatenga mabatire anga aja, n'kutulutsa ina m'dirowa, n'kundiikira m'manja kuti ndiyerekeze. Zanga zinali zopepuka, zilembo zake zofufutika, ngakhale zinalembedwa dzina lomwelo. Anayang'ana kukhomo kaye, kenako anati, "Bambo, pepani kwambiri. Kamera zikabwera, abwana amachotsa batire yake yeniyeni n'kuigulitsa payokha." Kundipatsa ulere sakanatha, ntchito ikanamuthera. Batire yeniyeniyo ndinaigula. Ndiye kuti batire ya kamera yanga yomwe ndinailipira kawiri, kuwonjezerapo thiransipoti. Mtsikanayo ndikumuthokoza, anandiphunzitsanso kupopera fumbi pa sensa kamera itayang'ana pansi. Abwana akewo, ngati akuwerenga, adziwe kuti anthu a ku Mchinji amene andifunsa kogula kamera, onse ndawauza nkhani imeneyi.

Chiikireni batire yeniyeni, vuto limeneli silinabwerenso. Ndimajambula tsiku lonse la ukwati ndi imodzi, bola ndizizimitsa kamera pakati. Dziwani kuti X-E2 sitchajidwa ndi chingwe cha USB, batire imachita kutulutsidwa. Kwa ife amene magetsi amatithawa pafupipafupi ndi nkhani yaikulu. Ndinapeza kachaja kolumikiza ku power bank nditadutsa pa Mwami kupita ku Chipata, ndipo tsopano ndimatchaja ndi sola.

Chimene ndachikonda kwambiri, chomwe sindinkachiganizira pogula, ndi poyang'anira pake. Pali pakona ya kumanzere, osati pakati. Diso lamanja limayang'ana m'kati, lamanzere limaona zonse zikuchitika pabwalo, ndipo nkhope yako sibisika kuseri kwa kamera. Akuluakulu amaona kuti ukuwamwetulira, nawonso amamasuka. Dzuwa liwombe bwanji, chithunzi umachiona bwino usanadine. Liwiro la shata, kachitseko kolowetsa kuwala, umasintha ndi gudumu la pamwamba, kutsegula lenzi umapotokola pa lenzi pomwepo, osalowa m'ma menu. Ndinaphunzira kujambula m'miyezi iwiri kuposa zaka zonse za foni. Kamerayi ili ndi makonzedwe a mitundu osankha: ndimaika pa Astia pojambula anthu, Velvia pojambula minda ya fodya ndi soya nthawi ino ya dzinja, ndipo sindikonzanso kanthu pa kompyuta.

Zofooka zilipo. Gudumu lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala lili m'mphepete, limatembenuka lokha potulutsa m'chikwama, ndiye uziliyang'ana nthawi zonse. Kamerayi si yotetezedwa ku mvula kapena fumbi, ndipo fumbi la kuno mukulidziwa. Kusintha lenzi panja mu Okutobala ndi kuitana madontho pa thambo la chithunzi chilichonse. Kugwira chinthu choyenda kuti chioneke chakuthwa imachedwako. Yanga inali ndi pulogalamu yakale, ndinaikamo yatsopano, firmware 4.00, imene inatuluka mu 2016 ndipo zinasintha ndithu, komabe ana akusewera mpira kusukulu zambiri zimandiphonya. Wi-Fi ilimo, koma ine ndimangochotsa khadi n'kuilowetsa m'foni ndi kachingwe, n'zachangu.

Palinso pamene kakang'ono kaja kamandiposa poyera. Zoom yake ndi ya ka 8, imafika 224 mm, pamene yanga imathera cha m'ma 84 mm poyerekeza mofanana. Kunali gule wamkulu pa chiliza m'mudzi woyandikana nafe, titapempha chilolezo kwa amfumu. Pabwalo la gule suyandikira mwachisawawa. Msuweni wanga ataima kutali anatenga zithunzi zodzaza, ine zilombo zikuoneka zing'onozing'ono pakati pa fumbi. Komanso iye amakaika m'thumba n'kukwera kabaza, pamene ine ndimayenda ndi chikwama ndipo aliyense amadziwa kuti ndanyamula chinthu chodula.

Mphunzitsi mnzanga anandifunsa sabata yatha kuti agule iti. Iye amafuna zithunzi za ana ake pa tsiku lotsekera sukulu ndi za kutchalitchi masana, safuna kuphunzira za ISO. Ndinamuuza agule kakang'ono, asavutike. Koma amene mukufuna kujambula m'nyumba ya udzu, m'tchalitchi mopanda magetsi, kapena pamoto madzulo, X-E2 idakali ndi mphamvu ngakhale yakalamba. Musalipire musanachite izi: tulutsani batire muione ngati ikutsetsereka yokha, muiike patebulo muone ngati ikugona fulati osagwedera, ndipo mukhale m'shopumo mpaka mutajambula zithunzi zokwana 50. Akakuuzani kuti magetsi kulibe, bwererani tsiku lina.

Kamera ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Wogulitsa imodzi, nayonso chifukwa cha mtsikana wa pakauntala uja.

Chithunzi cha agogo ndinakachitsukitsa chachikulu, cha A3, ndipo palibe pamene chinasweka. Nditawapititsira anachigwira ndi manja awiri nthawi yaitali, akusisita mphini zija ndi chala. Kenako anandiuza kuti ndichikhome m'nyumba ya mlongo wanga, osati mwawo, kuti ana amene adzabadwe m'menemo adzawadziwe.