Toyota Aqua patatha miyezi isanu ndi inayi: kukhala chete si kuzima

Nditangogula Toyota Aqua ya 2014, yochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndinalemba mawu oiyamikira nditaiyendetsa milungu iwiri yokha. Ndinaitamanda kuti siimwa mafuta, ndinaitamandanso kuti ilibe phokoso. Tsopano papita miyezi isanu ndi inayi. Za mafutazo sindikubweza mawu. Koma za kusachita phokosoko ndiyenera kuwonjezerapo, chifukwa n'komwe kunatsala pang'ono kutipweteketsa pakhomo panga, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe.

Zaka zonse m'mbuyomu ndinkayendetsa galimoto ya magiya a pamanja. Kuzimitsa kwake sikunkafuna nzeru. Ukapotoza kiyi injini imanjenjemera kamodzi n'kukhala zii, kiyi ali m'manja, basi. Khutu ndi limene linkandiuza kuti ndamaliza. Aqua ndi ya hybrid: ili ndi injini ya petulo ya malita 1.5 komanso mota yamagetsi yodya batire lalikulu lomwe lili pansi pa mpando wakumbuyo. Ukamalowa pageti pang'onopang'ono, nthawi zambiri injini imakhala itazima kale yokha, galimoto ikungoyenda ndi magetsi. Ndiye umafika poima kuli kale zii. Khutu limati wamaliza, chonsecho sunayambe n'komwe.

Linali Lachinayi madzulo, ndikuchokera ku Limbe nditatheratu. Ndikulowa m'galaja foni inalira, ndinaika giya pa P, ndinakoka handibuleki, n'kutuluka foni ili kukhutu, kiyi ali m'thumba la buluku monga mwa masiku onse, poti galimotoyi amailiza ndi kuizimitsa ndi batani. Nditamenyetsa chitseko inalira katatu, pii pii pii. Ndinamva ndithu, koma mutu unali kwa amene ndinkalankhula naye. M'galaja sindikiya galimoto, choncho sindinaone kuti zitseko zikanakana kukiyika. Ndinatseka chitseko cha galaja n'kulowa m'nyumba.

Tikumaliza kudya nsima, mwana wanga wamkazi, amene chipinda chake chinagundana ndi galaja, anabwera kope lili m'manja.

“Adadi, mwasiya munthu m'galimoto?”

“Iyayi. Bwanji?”

“Ikumalira yokha, kenako n'kusiya. Aka n'kachiwiri.”

Ndinathamanga opanda nsapato. Pa dashibodi kaliwu kobiriwira kaja kakuti READY kanali kakuyaka phee, injini ili kulira pansipansi m'galaja lotseka. Ndinatsegula chitseko chachikulu kaye, kenako ndinadina batani. Usiku umenewo mazenera a mbali imeneyo anagona otsegula, ndipo mwana anakagona kwa amayi ake. Udzudzu tinaupirira.

Galimoto sinalakwe kanthu, inachita zomwe inapangidwira. Malinga READY akuyaka, galimoto ili moyo. Batire lalikulu likatsika, kompyuta imaliza injini kuti ilitchaje, likadzala pang'ono imaizimitsa, n'kumangobwereza choncho mpaka petulo atatha. Choopsa ndi mpweya wa carbon monoxide wotuluka ku ekizozi. Suoneka, sununkha, umangolowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, munthu n'kuyamba mutu ndi tulo, ogona osadzukanso. Ndi womwewu umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mu Juni. Mu 2018 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti kuyambira 2006 anthu oposa makumi awiri anafa ku America chifukwa cha galimoto zoliza ndi batani, zamitundu yosiyanasiyana, zomwe eni ake anazisiya zikulira m'galaja poganiza kuti azimitsa.

Kuchokera tsiku limenelo sindikhulupiriranso khutu. Ndikadina POWER ndimadikira ndione ndi maso kuti READY wazima ndipo dashibodi yada, ndiyeno ndimatsegula chitseko. Ndimakiyanso galimoto ngakhale m'galaja, osati poopa akuba, koma chifukwa ikakana kukiyika ndiye kuti pali chomwe ndasiya. Mayi a kunyumba amandiseka kuti ndimatsanzikana ndi galimoto ngati mlendo. Aseke.

Chachiwiri chomwe ndaphunzira ndi cha pamtunda, ndipo amene amakhala ku Blantyre kuno akudziwa kuti malo athyathyathya ndi osowa. Kwa apongozi anga ku Soche galimoto imaima mphuno italoza kumwamba. Miyezi yoyambirira ndinkaponda buleki, kukankha giya pa P, kuchotsa phazi, galimoto n'kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kugwira, kenako n'kumakoka handibuleki. Pochoka, giya inkalimba kuchotsa pa P, ndipo ikachoka pankamveka kuti gu! pansi pa galimoto, mpaka mtima kudumpha. Ndinapita nayo kwa makaniko wanga ndikuganiza kuti giyabokosi yayamba. Anandiuza kuti ndiimike pachitunda cha pafupi ndi galaja yake iye akuonerera.

“Bwana, galimoto ilibe vuto. Mukuipachika pa kachitsulo kochepa ngati chala changachi.”

Anandifotokozera kuti P si buleki. Ndi kachitsulo kamene kamalowa pakati pa mano a giya kuti matayala akutsogolo asazungulire. Ukachotsa phazi usanakoke handibuleki, kulemera konse kwa galimoto kumatsamira pa kachitsuloko, ndipo gu! uja ndi kulira kwake pamene ukukazula mokakamiza. Tsopano phazi limakhala pa buleki, ndimakoka handibuleki mpaka italimba, ndimaika pa N n'kumasula phazi pang'ono kuti galimoto itsamire pa handibulekiyo, ndiyeno ndimapondanso n'kuika pa P, batani pomaliza. Polemba zikuoneka zambiri, koma dzanja likazolowera ndi masekondi ochepa. Gu! uja sindinamumvenso.

Mabuku oyendetsera galimoto amati pamtsetse ukhotetse matayala aloze ku kakhoma ka m'mbali mwa msewu kuti galimoto ikapulumuka igunde pomwepo. Malangizo abwino, koma m'makwalala ambiri a kwathu kuno m'mbali muli ngalande, osati kakhoma. Ndimakhotetsabe, poti bola galimoto igwere m'ngalande kusiyana n'kutsetsereka kukapeza ana akusewera mpira kumunsi. Ndipo mwala wa kutayala sindinausiye. Kwa apongozi uli ndi malo ake pafupi ndi mpanda, ndipo adzukulu akudziwa kuti saugwiritsa ntchito ngati golo.

Alamu anga ataibwereka kupita nayo ku ukwati ku Zomba anaimba foni ali ndi mantha: “Alamu, galimoto yanu ikungolira, ikukana kukiya, wailesi sikuzima.” Ndinawafunsa pomwe panali giya. Panali pa N, chizolowezi cha galimoto ya pamanja. Ukadina batani giya isali pa P, Aqua siizima yonse, imatsala pa ACCESSORY, pomwe wailesi imakhalabe yoyaka, ndipo ukaisiya choncho imamaliza batire laling'ono la mavoti 12. Likatha limenelo galimoto siidzuka ngakhale batire lalikulu litadzaza, ndipo iyi si yokankha kuti ilire. Batire laling'onolo lilinso pansi pa mpando wakumbuyo, musavutike kulifuna kuboneti.

N yemweyo ndi msampha pamzere wa mafuta. Pa N batire lalikulu silitchajidwa, ndiye ukakhala pamzere maola uli pa N, fani ikuzungulira, foni ili pa chaja, umangoliona likutsika mpaka galimoto iyambe kudandaula. Mzere ukaima ndimaika pa P. Ukaima kwa nthawi yaitali ndimazimitsiratu n'kutsika kukacheza ndi anzanga a pamzere. Apa pokha ndiye Aqua imandikomera mtima kwambiri, chifukwa kusuntha mamita asanu asanu imasuntha ndi magetsi, ena akuliza ndi kuzimitsa injini kambirimbiri.

Chinanso chaching'ono: galimotoyi ndi yotsika. Pamaliro kumudzi mu Okutobala anyamata olondolera magalimoto anandilozera pa udzu wouma wofika m'mawondo. Ndinakana mwaulemu n'kukaima pa dothi pansi pa mtengo wa mango, chifukwa ekizozi ya galimoto yomwe yayenda ulendo wautali imakhala yotentha zedi, ndipo pa galimoto yotsika chonchi udzuwo umaikhudza.

Mukandifunsa ngati ndingaigulenso, inde, mosakayika. Pa miyezi yonseyi yangofuna oyilo, mafyuluta ndi tayala limodzi lomwe linadya msomali ku Ndirande. Koma aliyense wobwereka ndimayamba ndamukhazika pampando, injini isanalire, n'kumuonetsa pomwe READY amayakira. Pa chitseko chochokera m'galaja kulowa kukhitchini mwana wanga anamatapo kapepala kolemba ndi cholembera chofiira, kakuti “Adadi, mwazimitsa?” Kayamba kufuwa ndi dzuwa la pazenera, ndipo sabata yatha ndinamupeza akukalembanso.