Flanking mu D&D patatha miyezi 8, ndabweza mawu ena

Nditangoyamba kuyendetsa gemu ya Dungeons & Dragons ndi anzanga anayi ndinkauza aliyense kuti lamulo la flanking ndi bho, limakometsa ndewu. Pano papita miyezi 8 tikusewera pafupifupi Loweruka lililonse ndipo mawu ena aja ndikuwabweza.

Kwa amene simukulidziwa, lamuloli lili mu Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la woyendetsa gemu, ndipo ndi longosankha, mutha kuliika kapena kulisiya. Limati iwe ndi mnzako mukamuika mdani pakati, wina uku wina uko moyang'anizana, nonse mumapeza advantage pomenya ndi zida zapafupi, kutanthauza kuti umaponya madayisi awiri a mbali 20 (d20) n'kutenga nambala yaikulu. Ife timasewerera pa tchati chomwe ndinajambula timabokosi ndi rula, kabokosi kamodzi mafiti 5, osewera ndi zotsekera za mabotolo a Fanta, ma goblin, tizilombo tomwe amamenyana nato, ndi nyemba zouma.

Poyamba zinkakoma kwabasi. Anthu amene kale ankangoti "ndimenyanso" ali pa foni anayamba kudzuka pampando, kuwerenga timabokosi ndi chala, kukangana kuti azungulire kumbuyo ndani.

Koma mu 5e, mtundu wachisanu wa gemuyi womwe timasewera, kuzungulira mdani n'kwaulere, ndipo vuto lonse lagona pamenepo. Opportunity attack, mpata woti mdani akuwombe ukamasuntha, imabwera pokhapokha ukuchoka pomwe mdaniyo angakufikire, ukamangomuzungulira uli chifupi naye palibe chomwe angakupange, ndiye munthu amangosuntha timabokosi titatu basi advantage yapezeka, turn iliyonse, osalipira kalikonse. Mu mtundu wakale wa 3.5 ndi mu Pathfinder yoyamba, gemu ina yofanana nayo, flanking inkangopereka +2 pa nambala ya dayisi ndipo ukamayendayenda pafupi ndi mdani ankakuwomba, kupatula ukasuntha kabokosi kamodzi kokha.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi barbarian wathu, msilikali waukali wa gululi. Reckless Attack yake imampatsa advantage koma nawo adani amapeza advantage pomumenya, ndiye mtsikanayu anangoisiya kaye, adziikirenji pamoto pomwe kuima kumbuyo kwa nyemba kukupereka zomwezo? Advantage sawunjika, kaya uli nayo pa zifukwa zitatu madayisi ndi awiri omwewo. Bard, woimba wamatsenga, nayenso anasiya Faerie Fire, matsenga owalitsa adani kuti owamenya apeze advantage, poti inkangomudyera spell slot ndi concentration, mphamvu zake zochitira matsenga. Ngakhale mimbulu yanga ya Pack Tactics, yomwe imapeza advantage inzake ikakhala pafupi ndi mdani, inasiya kuopsa, aliyense patebulo anali atasanduka mmbulu.

Kenako ndinaganiza zoti nawo adani azichita flanking, si lamulo ndi la onse? Ma goblin 8 anamuzinga fighter wa AC 16, nambala yomwe womenya ayenera kufikira kuti amulase. Goblin ali ndi +4, amafunika 12 kuti amenye, mwayi wake ndi 45 peresenti, koma ndi advantage umafika pafupifupi 70, critical nayo, kumenya kwamphamvu dayisi likagwa pa 20, kuchoka pa 5 kufika pafupifupi 10. Mnyamata uja anagwa round yachiwiri, anangondiyang'ana n'kuti "aise, iwe ukundisaka dala eti", n'kutuluka panja kukapitidwa mphepo. Anzake pofuna kumupulumutsa aliyense anathamangira kumbuyo kwa goblin, ine n'kuika goblin wina kumbuyo kwawo, mapeto ake pa tchati panali chotsekera, nyemba, chotsekera, nyemba, mzere umodzi ngati wa kuchigayo. Tinaseka, koma khomo ndi masitepe zomwe ndinajambula usiku wonse palibe anazigwiritsa ntchito.

Mwezi wachisanu tinagwirizana kuti flanking izingopereka +2. Goblin yemwe uja tsopano ali pa 55 peresenti, zopweteka ndithu koma munthu amapuma. Barbarian anayambiranso Reckless Attack yake, ndipo poti +2 ndi advantage zimatha kuphatikizana anthu akuganizanso kawiri asanasunthe, ena amaima ndi msana kukhoma kapena pakhomo dala kuti asaikidwe pakati. Pathfinder 2e imachita zofananako, woikidwa pakati amataya 2 pa AC yake. A Wizards of the Coast okha, eni ake gemuyi, mu Dungeon Master's Guide ya 2024 lamuloli sanaliikemonso, ine sindinadabwe.

Amene akudandaulabe ndi rogue, wobaya mozemba wa gululi, akuti ndinamulanda chakudya pakamwa. Ndamuwerengera kangapo kuti Sneak Attack yake, luso lovulaza mdani moonjezera, imangofuna mnzake akhale mkati mwa mafiti 5 kuchokera pa mdaniyo, flanking sikufunika n'komwe, koma Loweruka lapitali anazungulirabe kumbuyo kwa ogre, akuti kubaya munthu pamaso sikukoma.